Tsiku Limene a Likambe Anapempha Sowo

Pa shedi yathu yosemera zolembera zamtengo ku Pemba, aliyense amadziwa kuti cholembera sichithyoka poyamba. Chimathyoka pothera, mmisiri atachisema kale n'kuchisalaza, kutangotsala kakhosi kochilumikiza ku chitsa chake. Pamenepo mtengo umakhala wopyapyala ngati khungu la anyezi, mkati muli kapaipi ka mkuwa, makina akuuzunguza. Chitsulo chodulira chikangolowa mopitirira, phwa! Ntchito ya tsiku lonse ili mu utuchi.

Ine ndine Rosária, wopaka phula zolembera zikachoka pa makina. Ndakalambira pafupi ndi benchi ya a Damião Likambe, amene anatsika ku Mueda ali mnyamata atanyamula zitsulo zosemera ndi liuma la kwawo. Iwowa sankadula ndi maso, ankadula ndi khutu. Ankati mtengo umalira usanafe: kakhosi kakamatha, kulira kwake kumang'ung'udza kenako n'kuonda, ndipo mphindi imeneyo umachotsa mphamvu n'kuwakha cholembera m'dzanja chili chofunda. Kuzimitsa makina n'kumalizitsa ndi sowo ndi za ophunzira. Mmisiri wamkulu akachita zimenezo timamutcha wodula nkhuni, ndipo dzinalo salichapa ndi sopo.

Tsono khutu lija linayamba kufa. Ndinazindikira ndine, chifukwa maso anga sapuma. Munthu akawauza za maliro, iwo ankaseka n'kuti, "Eya, eya." Posesa ndinkapeza tizidutswa ta phingo tobisidwa pansi pa utuchi. Ndinkachita mantha, koma mantha awo ankaposa anga. Pa shedi pathu nkhalamba yotha ntchito amaikhazika pakhomo kuti izimwetulira azungu, ndipo a Likambe ankayang'ana mpando wa pakhomowo ngati dzenje la manda.

Tsiku lina kunabwera mayi wa ku Paquitequete, dera la asodzi, dzina lake Muanacha, atakulunga kanthu m'nsalu. Kanali kachidutswa ka mtengo kosaposa chikhatho, kotuwa ndi mchere.

"Bambo, aka n'kachogwirira ka chiwongolero cha ngalawa ya malemu amuna anga, a Sumaila. Nyanja inatibwezera kameneka basi. Mwana wathu wamaliza za uphunzitsi. Ndikufuna azilembera ndi chinthu chimene bambo ake anachigwirapo."

"Lachisanu," anayankha a Likambe, akumwetulira.

Mayi uja anandiyang'ana modabwa. Ine ndinabwereza mawu akewo mokuwa, ngati ndikukalipira makina. Kumwetulira kwa a Likambe kunazima. Anakatembenuza kamtengoko, n'kuona ming'alu ya mchere ikuyenda mkati mwake.

Jamali, mmisiri wa benchi ya kumapeto, amene pakamwa pake sipatseka, anati, "Madala, ndipatseni ine kameneko. Paja masiku ano mukumakwirira ana anu mu utuchi ngati mphaka."

Anthu anaseka. A Likambe nawonso anaseka, osadziwa kuti akudziseka okha. Ndinapsa mtima moti ndinalakalaka kumuthira Jamaliyo phula lotentha m'kamwa.

Lachisanu Muanacha anafika m'mawa n'kukhala pa thumba la utuchi. A Likambe anali ataboola kale kamtengoko, atathira guluu m'ming'alu, atalowetsa mkuwa. Anasema pang'onopang'ono, thukuta likudontha pa chibwano. Mtengo wotuwa uja unatulutsa mtima wofiirira, wokongola moti ngakhale Jamali anasiya ntchito n'kubwera kudzaona. Anausalaza ndi sandipepa mpaka unawala. Ndiye kunatsala kudula.

Anatenga chitsulo chodulira. Kakhosi kanayamba kuchepa. Kanafika ngati chala, kenako ngati phesi la udzu. Ndinawaona akupendeketsa mutu kufuna kumva, n'kuupendeketsanso mbali inayo. M'maso mwawo munalibe chilichonse koma mantha. Ine ndinkakumva kulirako kukuonda, tonse tinkakumva, koma ukakuwira munthu amene wagwira chitsulo pa mtengo wozungulira, dzanja lake limadzidzimuka ndipo waphwanya ndiwe. Ndinaluma nsalu yanga. Ndinayang'ana Muanacha, ndipo ndinaona kuti wagwira pakhosi pake ngati chitsulocho chili pa iye. Kamtengo kena kochokera m'ngalawa imeneyo kulibe, ndipo sikadzapezekanso.

A Likambe anabweza dzanja. Anazimitsa makina.

Anaima pamenepo nthawi yaitali, akuyang'ana cholembera chili lende pa kakhosi kake. Kenako analankhula mokweza kwambiri, monga amachitira anthu osadzimva okha.

"Achemwali a Rosária, ndipatseni sowo."

"A Likambe..."

"Sindikumva! Chiyambire mvula yatha ija sindikumva kalikonse. Ndipatseni sowo, anthu aone."

Ndinawapatsa, misozi ikundichititsa manyazi. Anadula mofatsa ngati mwana wobwera dzulo, anasalaza nsonga ndi dzanja, n'kundipatsa kuti ndipake phula. Chinali chathunthu, chopanda mng'alu ngakhale umodzi. Jamali anatsegula pakamwa, ine n'kumuyang'ana, iye n'kutseka. Koma dzina lija la wodula nkhuni linali litamveka kale m'mitima ya onse, ndipo a Likambe ankadziwa zimenezo.

Muanacha analandira cholemberacho ndi manja awiri. Anachinunkhiza, n'kulankhula motsitsa, maso ali pansi. A Likambe anatembenukira kwa ine.

"Akuti chiyani? Akudandaula?"

Mawu ena sayenera kukuwidwa, koma ndikanatani? Ndinayandikira khutu lawo n'kukuwa pamaso pa shedi yonse:

"Akuti tsiku lomira lija a Sumaila anaiona mphepo kuti yaipa, koma anaopa kuti anzawo awaseka akabweza ngalawa! Akuti akanakhala amantha ngati inu, bwenzi lero ali moyo!"

A Likambe anagwedeza mutu. Anapukuta zitsulo zawo chimodzichimodzi, n'kuzikulunga m'chiguduli.