Duku Lakuda ndi Filimu ya ku Japan

Filimu imeneyo sindinaifune. Mwana wanga wamkazi ndi amene anagula matikiti osandifunsa, n'kudzandipeza Loweruka m'mawa ndikusita mayunifomu, akuti ndivale nsapato tikupita ku Greenwich. Ndinamuuza kuti mkazi wovala zakuda sapita kokaonera kanema. Anandiyang'ana mmene amandiyang'anira foni ikandisokoneza, n'kunena kuti adadi ake anaikidwa kalekale. Mwanayu anabadwira konkuno ku London. Chichewa amamva chonse, ngakhale chonong'ona, koma poyankha ndi Chingerezi basi, ngati Chichewa chimamuwotcha lilime.

Bambo ake anamwalira ndi sitiroko. Thupi tinakwera nalo ndege mpaka kwawo kumpoto, chifukwa anandilowola ndi ng'ombe ndipo abale awo sakanalola kuti agone m'dothi la eni. Titaika maliro, azilamu anga aakazi anandiveka zakuda kuyambira duku mpaka chitenje, n'kundichenjeza kuti ndisadzavule ndekha. Kwawoko mkazi wamasiye sadzivula. Chaka chikatha, munthu wa magazi a malemu amakumasula duku kumutu n'kunena kuti wamasuka, moyo wako ndi wako. Kumeneko ndiye kusudzula. Ndinavomera ndi mtima wonse. Munthu amene ndinakalamba naye m'dziko lozizira lino, chaka chimodzi cha nsalu yakuda sichinali kanthu.

Woyenera kundisudzula anali alamu anga aakulu, achimwene awo a malemu. Chaka chitakwana ndinawaimbira foni. Anati tidikire mvula ithe, msewu wa kumudzi sukupitika. Mvula itatha anati ayambe akolola. Atakolola anati chiliza sichinamangidwe. Ndinawauza kuti holide ndapempha kale kuntchito, ndikwera ndege, iwo anati azakhali akudwala, si nthawi yabwino. Ndinati ndiye tichitire pa vidiyo, poti masiku ano ngakhale zinkhoswe anthu akuonera pa foni. Anaseka.

"Alamu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambo suyenda pa foni."

Mwambo suyenda pa foni, koma nkhani ya feteleza imayenda bwinobwino, netiweki osadula. Sindine mwana. Ndinkadziwa kuti mlamu wosudzulidwa amasanduka mlendo, ndipo mlendo sumuimbira nthawi ili yonse kumuuza mavuto a pakhomo pako. Chaka chachiwiri chinalowa ine ndili chimangire duku.

Chondipweteka china n'chakuti kuno zakuda sizitanthauza kanthu. Kwathu ukalowa m'minibasi utavala chonchi anthu amatsitsa mawu, wina amakupatsa mpando. Kuno ukakwera sitima m'mawa nyengo yozizira, aliyense ali m'jekete lakuda, ngati mzinda wonse waferedwa. Maliro anga anasowa m'chigulu. Kunyumba yosamalira okalamba ku Woolwich kumene ndimagwira ntchito ndimavala yunifomu ya buluu, duku lokha ndi limene sindinkachotsa, ndipo gogo wina wachizungu ankanditcha sisiteri n'kumandipempha kuti ndimupempherere. Amene ankadziwa tanthauzo la duku anali amayi a kutchalitchi kwathu ku Tottenham okha, makamaka mayi wina wamkulu amene amakhala mpando wakutsogolo. Ameneyo maso ake amayamba kumutu kwako asanakupatse moni, ndipo chimene waona Lamlungu chimafika ku Malawi Lolemba lisanache.

Ndiye panali tsiku la mwana lolandira digiri, litatsala mwezi. Anali atandiuza kale kuti pa zithunzi zake sakufuna mayi wooneka ngati wabwera kudzaika maliro. Ine ndinangoti tiona.

Loweruka lija tinakwera sitima, tinafika ku Greenwich. Anandigulira mbuliwuli wodzaza chidebe, ine osaufuna. Filimuyo inali ya ku Japan, mawu a Chingerezi akulembedwa m'munsi, ndipo magalasi ndinali nditaiwala pa tebulo, ndiye ndinkawerenga motsinzina. Koma nkhani yake sinali yovuta. Mkazi wachitsikana, mwamuna wake wamwalira. M'nyumba muli kakabati, pamwamba pake chithunzi cha mwamunayo. M'mawa uliwonse mkaziyo amaika kambale ka mpunga patsogolo pa chithunzi n'kumuitana dzina. Kenako amationetsa kumene kuli mwamunayo: doko la mtsinje wa nkhungu, pamene bwato limabwera kudzaolotsa akufa. Akangoponda mwendo m'bwato amamva mkazi wake akuitana, amatembenuka, bwato n'kumusiya. Anthu omwalira pambuyo pake akuoloka, iye ali chiimire padoko.

Ine ndasambitsa anthu akufa ambiri pa ntchito yanga, ndipo sindinaonepo womwalira tsitsi lili lopesa chonchija. Mwamuna wanga anatsirizika pakamwa patapotoka, machubu m'mphuno, dzanja limodzi lozizira kale iye akupumabe. Wa m'filimuyu shati yoyera yosita, nkhope ngati akupita ku ukwati. Mtima unayamba kundiwira pamenepo, koma ndinadzigwira.

Chakumapeto wopalasa bwato uja anamumvera chisoni, n'kumulola kubwerera kwa mkazi wake kanthawi kochepa. Anafika, anakhala pansi, anadya mpunga uja. Anayenda limodzi pansi pa mitengo ya maluwa. Kenako mwamunayo anamuuza mkazi wake, yekha ndi pakamwa pake, kuti asiye kumuitana, akhale ndi moyo. Mwamunayo anatenga kambale kaja, anakatsuka, n'kukaika m'kabati pamodzi ndi mbale zina za masiku onse.

Holo yonse inali fwenthefwenthe. Ine ndinatsonya, ndipo kutsonyako kunamveka, moti mzungu wa kutsogolo anatembenuka. Mwamuna wa eni wabwera yekha kuchokera kwa akufa kudzamasula mkazi wake. Wanga akanapatsidwa mwayi umenewo akanamuuza wopalasa bwato kuti dikirani kaye ndimve kwa achimwene. Ukwati wathu wonse unayenda choncho. Dzina la mwana, timve kwa achimwene. Kusamuka ku Tottenham kupita ku Woolwich, timve kwa achimwene, munthu amene London amangoiona pa kalendala. Anali munthu wabwino mwamuna wanga, sanandikwezerepo dzanja, ankandidikira pa siteji ya basi ndi ambulera ndikamaweruka. Koma mawu ake ankasungitsa kwa mkulu wake, ndipo pomwalira anasungitsanso ine komweko.

Pamene mkazi wa m'filimu ankalira, mwana wanga anandigwira dzanja n'kulifinya, akundiyang'ana cham'mbali. Apo m'pamene ndinazindikira kuti sanandibweretse kudzasangalala. Wandibweretsa kudzalalikidwa.

Titatuluka tinayenda m'mbali mwa mtsinje, mphepo ikuwomba, maboti a alendo akudutsa. Iye anayamba, mofatsa ngati nesi wolankhula ndi wodwala. Anati akudziwa kuti ndinkawakonda kwambiri adadi, koma mwina nanenso ndili ngati mkazi uja, ndikuwakaniza kuoloka. Anati yafika nthawi yoti ndiwalole apite.

Ndinaima pomwepo.

"Iwe, ukuganiza kuti duku ili ndi kambale ka mpunga?"

Anati sakutanthauza choipa.

"Adadi ako anaoloka kalekale. Aja sankachedwa pa ulendo, basi ya sikisi ankaidikira faifi. Amene waima padoko ndine. Ndine amene bwato likundisiya, ndipo wondiitana si wakufa ayi, ndi wamoyo, ali kumudzi akudya bwino."

Ndinapsa mtima kwambiri chifukwa mwana amene ndimagona naye nyumba imodzi, amene amamva foni iliyonse ya alamu, anaona mayi ake atamangidwa iye n'kumati n'chikondi. Anaphunzira chisoni m'mafilimu, mmene munthu amalira chifukwa wafuna, n'kusiya chifukwa wafuna. Ndinamufotokozera zonse, za chaka, za munthu wa magazi, za mvula ndi chiliza. Anandifunsa kuti nanga bwanji osangovula, akundiona ndani kuno?

"Mayi a mpando wakutsogolo aja alibe maso? Ndikavula ndekha, kumudzi adzati anali ndi mwamuna wina kale, adzati ndiye chifukwa chake mbale wathu anafa msanga. Ine zimenezo ndingapirire. Koma iwe tsiku lina udzafuna kukaona manda a adadi ako, ndipo adzakulandira ngati mwana wa mkazi uja."

Tinakwera basi yobwerera kunyumba. Chidebe cha mbuliwuli ndinachisiya pa benchi.

Sabata imeneyo filimu ija inakana kundichoka m'mutu, ndipo zimenezo zinkandikwiyitsanso. Ndikamatsuka makapu a okalamba kuntchito ndinkaona mwamuna uja akutsuka kambale. Sanaitane msonkhano, sanadikire kukolola. Ndinayamba kudzifunsa kuti kodi azilamu anga aakazi anati chiyani kwenikweni tsiku lija anandiveka zakuda. Sanati mkulu wa banja. Anati munthu wa magazi a malemu. Ndipo zaka zonsezi banja limenelo lakhala likundikumbutsa chinthu chimodzi. Nditafuna kupita ndi mwana kwathu ku Dedza holide ina, anati ayambe wafika kwawo, mwana ndi wathu, ng'ombe zinapita. Pamaliro pomwe anamukhazika kumbali yawo, ine kumbali ina.

Loweruka lotsatira masana ndinaimika foni pa chitini cha shuga, n'kuimba vidiyo. Alamu anayankha ali pakhonde, chipewa kumutu. Tinapatsana moni wonse, ndinafunsa za azakhali, za ana, za mbuzi zomwe. Kenako ndinafunsa za tsiku londisudzula.

"Alamu, mwafulumiranso? Mawu a akuluakulu amakoma akagonera."

"Agonera mokwanira, alamu, ayamba kusasa. Ndifunse chinthu chimodzi. Mwana uyu ndi wa ndani?"

"Funso lanji limenelo? Ndi wathu. Magazi athu enieni."

"Zikomo. Ndiye magazi anu ali pompano m'khitchini muno. Andisudzula ndi iyeyu, inu mukhale mboni."

Anayamba kukweza mawu. Anati mwanayo ndi wamkazi, ndi mwana wa dzulodzuloli, sadziwa mwambo, zimenezi n'zachizungu. Ndinawayankha kuti ponena kuti mwana ndi wawo chifukwa cha ng'ombe, sananene kuti ndi wamkazi. Sindinawatukwane, ndinaleredwa. Foni sanadule. Ndikuganiza kuti ankafuna aone ngati ndingayerekeze.

Ndinakhala pa mpando. Mwana anaima kumbuyo kwanga, n'kundifunsa chapansipansi kuti anene chiyani. Ndinati mawu ake enieni sindikuwadziwa, sindinasudzulidwepo, anene za mumtima mwake, koma abale a adadi ake amve. Zala zake zinalimbana ndi mfundo, poti ndinkamanga molimba. Kenako ndinamva mawu amene sindinawamvepo m'nyumba mwanga, Chichewa chotuluka m'kamwa mwa mwana wanga, chopindika, chopunthwa ngati cha wansembe wachizungu.

"Amami. Adadi apita. Inu simunapite. Inu muli moyo. Basi."

Duku linachoka. Kumutu kunazizira ngati ndameta mpala. Ndinalira, ndipo sikunali kulira kokongola kwa m'filimu. Ndinalira mokalipa, ndikumuuza mwamuna wanga kuti ntchito imeneyi inali yake, akanasiya mawu akadali ndi pakamwa, osasiyira mwana kuti achite chibwibwi pamaso pa anthu. Ndinamusowanso nthawi yomweyo kuposa tsiku la maliro, chifukwa nsalu ija ndi imene inatsala yonena kuti ndine mkazi wake. Nditapukuta maso ndinapeza foni itada. Alamu sanaimbenso mpaka lero, ngakhale za feteleza.

Mawa lake ndinapita kutchalitchi nditavala diresi lobiriwira limene linali litayamba kundithina, tsitsi lili pamtunda. Mayi a mpando wakutsogolo anandipeza pakhomo mapemphero atatha. Maso anayamba kumutu monga mwa masiku onse.

"Amayi, sitinamve kuti munapita kumudzi. Wakusudzulani ndani?"

Mwana wanga anali poteropo, akuvala jekete. Ndinamuloza.

"Mwini maliro ndi uyo. Amene anamwalira ndi bambo ake."



Chithunzi cha tsiku la digiri chili pa khoma, ine ndili m'chitenje chachikasu, mwana ali ndi kachipewa kake. Pambali pathu wojambula anasiya mpata waukulu ndithu, wokwana munthu. Mwana amati tidzaonerenso filimu ija kunyumba, akuti ulendo uno ndidzaikonda. Ndinamuuza kuti aonere yekha. Sindingakhalenso pansi kuonerera mwamuna wa eni akubwera yekha.