Mabuku Opanda Masamba Omaliza

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pakapeti. Azimayi amene anachezera kuimba anali atagona mothithikana pabalaza ku Evington kuja, ena akadali m'mayunifolomu a kuntchito. Azakhali anga anali khale pampando, maso ali gwa. Chimwalirireni amuna awo sanalire, sanayankhule, ndipo chakudya ankangochiyang'ana. Kunena zoona, ine ndinkaopa kuti tiika maliro awiri.

Moto wa nkhuni kudziko la azungu kuno salola, choncho tinaphikira pa gasi m'galaja, mvula ikuwaza. Anthu anayamba kufika, a ku Derby, a ku Oadby, ena ochokera ku shifiti ya usiku tulo tili m'maso. M'tchalitchi munadzaza. Kumanda tinapita pa mdipiti wa magalimoto, pang'onopang'ono.

Bokosi litatsitsidwa, mkulu wina wa imvi, amene anaphunzira ndi malemu ku Zomba, anapempha kuyankhula. Anati masiku amenewo ophunzira ankakumana madzulo kuwerengerana nthano ndi ndakatulo, ndipo mabuku a zachikondi ankayenda dzanja ndi dzanja mpaka kuthothoka. Malemu anali nawo ambiri. Koma lililonse limene ankabwereketsa kwa mtsikana wina linkakhala lopanda masamba omaliza, moti mtsikanayo ankabwera kudzafunsa mmene nkhani yathera. Malemu ankamuperekeza akumufotokozera, njira yaifupi n'kuitalikitsa dala. Tonse tinadziwa kuti mtsikanayo ndi azakhali.

"Mundikhululukire alamu," mkuluyo anatero. "Masamba aja ankang'amba okha. Ine ndinkawagwirira buku."

Anthu anaseka mobisa, abusa nawonso. Ndinayang'ana azakhali mtima uli m'mwamba.

"Ndinkadziwa," anatero azakhali. "Ndipo mathero awo anali abodza. Nkhani zonse zinkangothera ukwati."

Atatero analira, kulira kwenikweni kwa kwathu, kogwetsa munthu pansi. Tinawagwira, nanenso misozi ili chuchuchu, koma mtima wanga unakhala pansi. Azibambo anakana makina okwirira, anatenga mafosholo okha.

Madzulo nyumba inali zii. Mipando yobwereka inali itabwezedwa, ndipo wotsala ndi azakhali ndinali ine ndekha, ndikutsuka makapu. Azakhali anamwa tiyi ndi buledi. Kenaka anayang'ana mpando wa amuna awo pafupi ndi windo, pomwe panali magalasi awo owerengera.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "ulendo uno ang'amba masamba n'kupita nawo. Ndikafunsa ndani?"