Matemba Pamwamba pa Mgolo

Inu owerenga, ine pano ndi imvi zangazi ndinkakhulupirira kuti mgolo wotsekedwa bwino sungalowe madzi. Sekani, mano ndi anu. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, koma pamakani ndinali hedimasitala.

Ndinali mlonda pa kabwalo ka ndege ka esiteti ina ku Machinga. Kandege kake kanali kopopera mankhwala m'thonje, ndipo woyendetsa anali Idrisa wa ku Balaka, mwana wa mchimwene wa akazi anga. Ntchitoyo anandipezera ndi iyeyo.

Lamulo lake linali limodzi: migolo ya mafuta izigona cham'mbali. Ankati mgolo ukaimirira, mvula imadikha pamwamba, ndiye ukatentha masana n'kuzizira madzulo umayamwa madziwo pachitsekerero. Ine n'kumati mumtima, chitsulo chinayamba liti kuyamwa ngati khanda?

Tsono ndinali ndi kageni ka matemba a ku nyanja ya Chiuta. Pansi agalu, padenga akhwangwala. Ndinaimika migolo ija, n'kumayanika pamwamba. Mvula ikagwa ndinkathawitsa matemba, madziwo n'kuwasiya pompo. Idrisa akamabwera ndinkaigonekanso.

M'mawa wina anafika mochedwa, mphepo yosokoneza kupopera itayamba kale. Titapopa mafuta, anatulutsa kabotolo kake koonera ngati pansi pa thanki pali madzi. Pakamwa pangapa! Ndinamuseka kuti adokotala ayamba kuyeza mkodzo wa ndege, thonje likutha ndi mbozi. Anaseka, nati, "Ankolo, migolo inagona eti?" Ndinati iyayi musakayike, inagona ngati mtembo. Kabotolo kanabwerera m'thumba.

Ndege inangodutsa mitengo ya bulugamu, injini n'kutsokomola, kenako zii. Inagwera kudambo ine ndikuona. Idrisa anapulumuka, koma msana unathyoka. Lero amakhala pakhonde ku Balaka pa njinga ya olumala, ndege ikadutsa amayang'ana pansi. Sanandinenepo kwa munthu, ndipo chimandiwawa n'chomwecho. Bola akanandimangitsa.

Inu amene mumasunga mafuta, kaya a ndege kaya a chigayo, lamulo limene simukulimvetsa musaliyese nthabwala. Ndipo munthu akamayeza chinthu chimene moyo wake wadalira, tsekani pakamwa.

Tsiku la ngoziyo, titabwera kuchipatala madzulo, ndinawaululira akazi anga zonse. Sanalire. Anatenga lichero la matemba aja n'kundiikira pamiyendo.

"Auma bwino, abambo," anatero. "Idyani nokha."