Nkhope ya pa Chipilala

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, ndikumanga zingwe za nsapato. Anali awiri, wina wa yunifolomu, wina wa jekete.

"Ndinu amisiri a pachipilala paja? Tiyeni, abwana akufuna mawu awiri okha."

Mawu awiriwo anatenga masiku khumi ndi limodzi.

Ndine womanga nyumba, kwathu ndi ku Sinda. Ndinagwira ntchito pa chipilala chokumbukira mfumu yamakedzana, pakaphiri kunja kwa Katete. Ankati n'cha dziko lonse. Masitepe ake ndi otakata ngati msewu, koma otalikirana moti nkhalamba zimakwera chokwawa. Nsanamira zimaoneka ngati mwala wakunja, pomwe ndi simenti yopaka utoto, m'kati muli mphako. Ndinaziumba ndine. Denga lake lili ngati dengu lovundikira, silitchinga dzuwa ngakhale mvula. Pakati paima fano la mfumu.

Palibe wamoyo amene anaionapo mfumuyo. Koma atavundukula nsalu, tonse tinazindikira mphuno ndi masaya a wapampando wa komiti yomanga. Anzanga anangotsokomola. Ine ndinanena mokweza.

Lachinayi ananditulutsa m'chitokosi kukandifunsa. Wa jekete uja anakhala patebulo, akudya mtedza.

"Mfumuyo munaionapo inu?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye mukudziwa bwanji kuti si nkhope yake?"

"Awapampando ndiwo ndinawaona."

Anapukuta manja bwinobwino, kenako anatseka chitseko. Kuyambira tsiku limenelo khutu langa lakumanzere silimva.

Lamlungu mkazi wanga anabwera ndi mbatata. Mlonda anatenga zazikulu, nati, "Amayi, amuna anu ali ndi maso ambiri. Awiri amakwana." Mkazi wanga anandiyang'ana khutu, nandifunsa ngati ndikugona bwino. Ndinati inde.

Lachisanu linalo anandipatsa pepala loti fanolo silifanana ndi munthu aliyense wamoyo. Pansi pake panali chidindo chachikulu. Amuna akuluakulu anakhala pansi kulemba zimenezo! Ndinasaina, chifukwa mvula inali pafupi ndipo munda unali wosalima. Sindinyadira.

Ananditulutsa masana, dzuwa lili pamutu, popanda mlandu, popanda pepani.

Anthu amandifunsa ngati ufulu ukukoma. Wanga ndi wochepa, ndikudziwa muyeso wake. Minibasi ikamadutsa pakaphiri paja, amuna amavula zipewa. Changa chimakhala pamutu.