Mbale ya Eni Ake

Chaka chimene bambo a mwana wanga anasiya kupeza maganyu pa boda, ndinaphunzira kuphika ndiwo zopanda dzina. Tinkakhala m'nyumba za mdadada kuseri kwa msika wa pa boma ku Mwanza, zipinda ziwiri, khonde limodzi ndi anansi. Bambowo ankalawirira kumalire kukathamanga ndi mapepala a madalaivala a mathiraki, koma masiku amenewo othamanga anachuluka kuposa mapepalawo. Pamapeto pake anakwera thiraki ina kupita ku Tete kukayesa mwayi, n'kundisiya ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi ndi thumba la mgaiwa lomwe linali litatsika kale kufika pakati.

Kugula kwanga kunali kwa tsiku limenelo basi. Mafuta ophikira ndinkagula a m'kapulasitiki komanga pakamwa, aja oti pothira mumphika umafinya mpaka zala kuwawa. Tomato mmodzi ndinkamudula pakati, theka linalo n'kuvundikira ndi kapu kuti lidikire madzulo. Kamulu ka bonya ndinkakagawa kawiri, ndipo tsiku lachiwiri kankangokhala fungo chabe m'masamba. Masoya pisi ndiwo anali nyama yathu ya Lamlungu. Masiku ena onse tinkadya nandolo wouma amene amayi anga ananditumizira kuchokera ku Thambani, wofumbwa kale, ndi bonongwe amene ndinkathyola m'mbali mwa njira ndikuyang'ana uku ndi uku kuti wondidziwa asandione. Ine ndine wa mtima wapachala, ndipo kusowa sikunandiphunzitse kufatsa. Kunangondiphunzitsa kutseka chitseko pakudya.

Khomo loyandikana ndi lathu kunkakhala mayi ena achikulire, amasiye. Anabwera kuno ali mtsikana pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo anzawo atabwerera kwawo iwo anatsala. Ankawoloka malire kupita ku Zobue kukaoda mafuta, supageti ndi sopo, n'kumagulitsa pa benchi kumsika. Ankanditchula kuti vizinya, mawu akwawo otanthauza mnansi, ndipo ankawatchula mokoka ngati akuimba. Anthu a mumdadada ankawapatsa moni bwinobwino, koma ndinkaona kuti ana awo ankawaletsa kudya pakhomo pa mayiwo. Sindinafunse chifukwa chake, ndinali ndi zanga zondizunguza mutu.

Lamlungu lina masana anagogoda. Ananyamula mbale yachitsulo ya maluwa ofiira, yovundikira ndi kansalu koyera.

"Vizinya, mwanayu alaweko. Ndabwera nazo dzulo kuchokera kutsidya."

Munali mpunga ndi nsomba ziwiri za kalapau, zija za m'nyanja yamchere, zokazinga ndi adyo, msuzi wake wonona. Ndinalandira ndi manja awiri, mawondo atapinda. Atangochoka ndinatseka chitseko, ine ndi mwana n'kuyamba ntchito. Sindibisa, ndinanyambita zala. Mitu ndi minga ndinaziwiritsanso madzulo kuti msuzi wa nandolo umvekeko nsomba.

Vuto linayamba nditatsuka mbale. Kwathu ku Thambani mbale yobwera ndi chakudya sibwerera yopanda kanthu. Amayi anga ankaikamo mazira awiri, kapena chigumu, kapena manachesi ikakhala nyengo yake, ndipo mkazi wobweza mbale youma ankanenedwa kumjigo mpaka chaka kutha. Ndinaima pakati pa nyumba mbale ili m'manja, n'kuyang'ana zimene ndinali nazo. Nandolo wa anankafumbwe. Mchere. Theka la anyezi lomwe linali litayamba kumera. Ndiike nandolo woboola m'mbale imene yabwera ndi kalapau? Ndinaona ngati kumeneko n'kutukwana munthu wamkulu. Ndinati ndidikire mawa, mwina bambo a mwana atumiza kenakake pa foni, ndikagule ngakhale timazira.

Lolemba foni sinalire. Lachiwiri chimodzimodzi. Mbale ndinaiika pamwamba pa kabati, kenako ndinaitsitsa chifukwa munthu woima pakhomo akanatha kuiona, n'kukaikwirira m'beseni la zovala. Ngakhale ili mmenemo ndinkangoiona. Ndikamva chitseko chawo chikutseguka, ndinkasiya tsache pabwalo n'kulowa m'nyumba. Madzi ndinkakatunga dzuwa lili paliwombo, nthawi imene iwo ankakhala ku benchi. Mbaula ndinailowetsa m'chipinda kuti asaone za mumphika mwanga, ine ndi mwana n'kumatsokomola ndi utsi wa makala osapsa bwino. Munthu wamkulu, wa nyumba yake, kumathawa mbale!

Lachitatu ndinapita kumsika ndi kandalama ka mafuta ndi tomato, ndipo ndinauzungulira msikawo katatu. Ndinaima pa mazira. Ndinaima pa nyama ya mbuzi, osafunsa n'komwe mtengo. Ndinagwiragwira kabichi, kumukweza, kumubwezera. Mayi wogulitsa anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Achemwali, mukugula kapena mwabwera kudzamuyeza sikelo kabichiyo?"

Ndinamuyankha zoti sindingazilembe pano. Koma zoona zake zinali zoti ndikanagula mazira a m'mbale ija, mwana wanga akanadya masamba a madzi ndi mchere masiku awiri. Ndinagula mafuta ndi tomato monga mwa masiku onse, ndipo njira yonse yobwerera ndinkangodzikalipira chamumtima, mathiraki akundithira fumbi.

Lachinayi mwana anawaona mayi aja pakhonde akupeta mpunga, n'kuthamangira kwa iwo. Ndinamukoka dzanja mwamphamvu kumubwezera m'nyumba. Ndinkaopa kuti ayamba kulongolola zoti kwathu ndi nandolo m'mawa, nandolo madzulo, paja mwana sasunga chinsinsi cha mphika. Analira kwambiri. Mayi aja anangotiyang'ana, n'kupitiriza kupeta. Ine maganizo anali pa manyazi anga okha. Sindinaganize n'komwe mmene kukoka mwanako kunaonekera kwa munthu amene anakhala pakhondepo ndi lichero lake.

Loweruka m'mawa anagogoda. Sananditchule vizinya.

"Amake mwana, ndabwera kudzatenga mbale yanga."

"Ii, amayi, pepani, ndimati ndibweretse..."

"Musavutike. Ngati munataya chakudyacho, si inu oyamba. Amene ankakhala m'nyumba muno inu musanabwere anapatsa galu, kuti aone ngati afe. Galuyo ananenepa." Anaseka pang'ono, koma maso sanaseke. "Ndakulira kuno, ndakwatiwa kuno, mwamuna wanga ndamuika kuno. Koma chakudya changa chikadali cha kutsidya, choika mankhwala. Ndimayesa inu ndinu osiyana nawo."

Apa ndi pamene ndinayenera kutsegula chitseko chonse, kuwalowetsa, kuwavundukulira mphika wa nandolo n'kunena kuti amayi, nsomba zanu tinadya mpaka minga, chimene chandisowa n'choika m'mbale. Mawu ake anali ochepa. Koma sindinawanene. Kunena ndi pakamwa panga kuti ndilibe kanthu kunandilemera kuposa kusiya mayi wamasiye akuganiza kuti ndimamuyesa mfiti. Mtima umenewu ndimadana nawo, koma ndi umene ndinali nawo.

"Ayi, tinadya," ndinatero. "Ndinangoiwala."

Ndinakafukula mbale m'beseni la zovala, ndipo iwo anaona kumene ndinaitenga. Munthu woiwala sakwirira mbale pansi pa zitenje. Anailandira ndi manja awiri, youma, n'kubwerera kwawo.

Sindinakhazikike. Ndinasesa mosesa kale, ndinachapa zovala zosada, ndinakalipira mwana popanda chimene walakwa. Ndikakhala pansi ndinkadzuka, ndikadzuka osadziwa kolowera. Dzuwa litapendeka ndinakathyola bonongwe wanthete kuseri kwa nyumba. M'kabotolo munali kansinjiro kotsala, komwe ndinkasungira phala la mwana, ndipo ndinakathira konse. Tomato ndinadula wathunthu. Mbaula ndinaitulutsa n'kuphikira pakhonde, aliyense wodutsa akuona. Ndiwo zotendera ndimazidziwa, zimenezo amayi anga anandiphunzitsa bwino, ndipo tsiku limenelo zinapsa mmene zimafunikira, zosalimba komanso zosachuluka madzi. Ndinapakulira m'mbale yanga ya alendo, n'kuvundikira, n'kukagogoda. Njira yonse, ya mapazi asanu okha, ndinkabwereza zoti ndikanene.

Anatsegula. Ndinawayang'ana, ndipo zonse ndinakonza zija zinabalalika.

"Amayi, mulaweko timasamba."

"Zikomo, amake mwana."

Ndinabwerera n'kukhala pakhonde, khutu lili kukhomo kwawo. Ndinkadziuza kuti akalawa adziwa okha, kuti munthu sathira nsinjiro zake zomaliza chifukwa cha mfiti. Ndinkayembekeza kuti mbale yanga igona kumeneko, ibwere mawa kapena mkuja ndi kampunga, kapena ndi timanachesi tiwiri, ndiye kuti nkhani yatha.

Sipanathe ola, chitseko chawo chinatseguka. Anabwera okha, n'kundipatsa mbale ndi manja awiri. Inali yotsuka bwino, yopukuta, yopanda kanthu. M'nyumba mwawo munali mpunga, supageti ndi mafuta zigubuzigubu, ndipo mwambo wa mbale ankaudziwa kuposa ine. Mtima unandipweteka kwambiri, koma ndinailandira, chifukwa anangondibwezera zimene ndinawapatsa m'mawa.

Tinakhalabe moyandikana mpaka mvula ina itagwa, pamene bambo a mwana anabwera ife n'kusamukira pafupi ndi boda. M'mawa uliwonse tinkadzutsana mwaulemu, mwadzuka bwanji, tadzuka bwino kaya inu. Mbale sinadutsenso pakhonde lija. Ndiwo zanga zija sindidziwa ngati anadya.