Radojka ndi Dzina Lomaliza

Radojka wakhala pampando womwewo zaka makumi awiri ndi ziwiri, m'kanyumba kathu kosindikizira kuseri kwa msika wa m'tauni ya Nikšić. Makompyuta asintha kanayi, mpando ayi. Iye amayala mawu, ine Blažo ndimasindikiza ndi kudula. Timapanganso makadi a ukwati, koma chotidyetsa ndi zidziwitso za maliro, zija zimamatidwa pamitengo ndi pamapolo.

Chidziwitso chili ndi malamulo ake: m'mphepete mwakuda, mtanda pamwamba, chithunzi, ndipo m'munsi bokosi la mayina a anamfedwa. Kuno munthu sawerenga kuti wamwalira ndani basi. Amawerenga kuti walembedwa ndani, ndipo wasiyidwa ndani. M'bale amene dzina lake palibe amadziwa kuti pamaliropo sakufunika.

Vuto n'lakuti mayina akachuluka, kompyuta sikuwa. Imangobisa otsalawo n'kuika kachizindikiro kofiira pakona pa bokosi, kakang'ono ngati nsabwe. Radojka amakaopa kameneka kuposa moto.

Lachiwiri lina m'mawa kunabwera mayi Vukosava. Amuna awo, a Milutin, anali atamwalira, ndipo mwambo woika m'manda unali mawa lake. Anasiya pepala la mayina makumi asanu ndi asanu ndi atatu, lomwe anati analikonzeratu a Milutin akudwala. Radojka analemba onse, kenaka anadzuka kukagula mankhwala ake a kuthamanga kwa magazi.

"Usakhudze, Blažo, sindinamalize," anatero ali pakhomo.

Panja abale a malemu anali m'galimoto, hutala ikulira. Ndinayang'ana pagalasi la kompyuta, zonse zinkaoneka zaudongo. Ndine wopupuluma, sindikana. Ndinasindikiza mapepala makumi asanu ndi atatu n'kuwapatsa, iwo ulendo.

Radojka atabwera anayang'ana kompyuta, kenaka ine.

"Wasindikiza?"

"Anthu amadikira, mlongo."

"Mutu wakowo unangoikidwa kuti chipewa chipeze pokhala? Taona apa!"

Anakoka bokosi lija m'munsi, dzina limodzi n'kutulukira: Gojko, mng'ono wa malemu. Tauni yonse inkadziwa kuti a Milutin ndi a Gojko sanalankhulane zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi chifukwa cha malire a munda. Tsopano mapepala anali kale pamitengo, akuuza aliyense kuti udani wafika mpaka kumanda.

Radojka sanachepetse zilembo, chifukwa amati owerenga zidziwitsozi ambiri ndi okalamba. Anangoyandikizitsa mizere pang'ono, dzina lija n'kulowa, kofiira kaja n'kuzimiririka. Anawerenga mayina onse mokweza, chala chili papepala la mayi Vukosava. Atafika pomaliza analiyang'anitsitsa dzinalo, n'kulipinda pepalalo, n'kuliika m'chikwama.

"Sindikiza, kenaka liza galimoto. Kumata tikamata pobwerera."

A Gojko tinawapeza akuwaza nkhuni kuseri kwa nyumba, atavala zogwirira ntchito. Chidziwitso choyamba chija chinali pachitsa, atachitsamiza ndi mwala.

"Ndawerenga kale," anatero osatiyang'ana. "Kawiri. Ngakhale mwana wa mlamu wa mpongozi alipo."

"Bambo Gojko, cholakwa n'chathu," anayankha Radojka. "Dzina lanu linabisika m'kompyuta. Nali pepala lokonza."

"N'changa ine cholakwacho," ndinawonjezera, koma palibe anandimva.

Mkuluyo anazika nkhwangwa pachipika n'kuseka mowawa.

"Mwana wanga, ndakalamba koma sindine chitsiru. Wina wachita manyazi ndi zonena za anthu, wakutumani mundiwonjezere kumchira. Ine sindipita kumaliro ondiitana chifukwa cha chisoni."

Apo ndinaona kuti taluza. Ndinayamba kulongosola za bokosi ndi kachizindikiro kofiira, Radojka n'kundiponda phazi. Anatulutsa pepala la mayi Vukosava n'kulitambasula.

"Ine makina sindikuuzani, simungandikhulupirire. Onani ili. Mayina onsewa alemba ndi alamu anu. Lomalizali, dzanja lake mukulidziwa?"

Linali lolembedwa ndi pensulo, zilembo zokhotakhota, zotsetsereka ngati za munthu wolemba atagona. A Gojko anapukuta manja pathalauza, n'kulitenga pepalalo, n'kulitalikitsa ndi maso. Analiyang'ana nthawi yaitali. Ine misozi inandilengeza, ndipo sindichita nazo manyazi.

"Milutin chilembo cha G sanachidziwe kulemba chiyambire kusukulu," anatero pomaliza. "Ndinkachita kumulembera ine, mng'ono wake."

Analipinda pepalalo n'kuliika m'thumba la pachifuwa, osapempha. Radojka, amene sataya pepala la kasitomala ngakhale la zaka khumi, anangowasiyira.

Mkuluyo anatembenukira kukhomo n'kuitana akazi awo.

"Stana! Jekete lakuda lija lili kuti?"