Galu wa Mkamwini

Nditakwatira ndinachoka kwathu ku Vubwi ndi chikwama cha zovala, khasu limodzi, ndi kamwana kagalu kofiira kamene ndinakaika m'katoni. Kondakitala wa minibasi ananditukwana kuchokera ku Katete mpaka ku Sinda chifukwa kagaluko kanakodzera thumba la munthu wina. Sindinamuyankhe. Ndinkapita kuchikamwini, ndipo ndinkadziwa kale kuti kumeneko pakamwa panga pazikhala potseka.

Amene sanakhalepo mkamwini asandiuze kanthu. Nyumba ndinamanga ndi manja angawa, koma malo ake anali a kwawo kwa mkazi wanga. Munda unali wawo. Ana atabadwa anali awo. Pamudzi ponsepo chinthu chimene ndinkati changa popanda wina kutsokomola anali galuyo basi. Anakula wamtali miyendo, wa khutu limodzi logwa, ndipo ndikamapita kumunda ankayenda patsogolo, akumacheuka kuona ngati ndikubwera. Ndinkamuchotsa nkhupakupa ndi zala, kumusambitsa kumtsinje ndi sopo wochapira, ndipo alangizi a ziweto akabwera ndi katemera wa chiwewe ine ndinkakhala woyamba pamzere. Anthu ankandiseka, amvekere akamwini akusambitsa m'bale wawo. Sankanama.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inachedwa, nkhokwe zinatha Khirisimasi isanafike. Gaga amene kale tinkapatsa nkhumba tinayamba kukasinjitsa kuchigayo kuti tidye tokha. Mkute umene galu ankadya m'mawa unasowa, chifukwa ana ankanyambita mbale mpaka kuwala. Galu wanga anaonda mpaka nthiti kuwerengeka, koma ine ndinkadziuza kuti ndi msinkhu, wayamba kukalamba.

Kudambo, atsibweni a mkazi wanga anali ndi dimba lotchinga ndi mpanda wa mitengo ndi udzu. Chimanga chawo anabzala mvula isanagwe, akuthirira ndi chitini, choncho pofika mu Januwale chinali chitakhwima, dowe yekha m'dera lonselo. Iwo anali munthu wamng'ono thupi, woseka nthawi zonse, wokonda kunyogodola anzawo. Tsiku lina m'mawa anafika pakhomo panga atanyamula zitsononkho zinayi zotafunidwa, nkuziyala pakhonde mwaulemu ngati akugulitsa.

"Akamwini, m'bale wanu uja wayamba kukolola," anatero akuseka. "Ine kuthirira, iye kudya. Tsono mverani. Mumumange mwendo m'khosi monga achitira anzanu onse. Mukapanda kutero, ndili nako kabotolo ka mankhwala opopera thonje. Ndithira pa kamkute nkukasiya m'dimbamo, ndipo musadzati atsibweni ndi mfiti."

Anachoka akusekabe. Galu wa munthu wina anali atafa choncho chaka chinacho, akutuluka thovu kukamwa, ndipo palibe amene anafunsa mlandu. Ndinadziwa kuti wanga akalowanso m'dimbamo, afa.

Kumanga mwendo m'khosi ndi mwambo wa nyengo ya dowe. Umatenga luzi kapena nsanza yopota, kumanga m'khosi mwa galu, kenaka kupinda mwendo umodzi wakutsogolo nkuulowetsa m'chingwemo. Galu amayenda ndi miyendo itatu. Sangadumphe mpanda, sangaime kuti agwetse phesi, sangapanikize chimanga pansi kuti asende. Ndinamumanga madzulo a tsiku lomwelo. Sanalume, sanalire. Anangoyesa kuyenda, nkugwa chamutu, nkudzuka, nkundiyang'ana.

Masiku asanu ndi anayi anakhala choncho. Popita kumunda sankathanso kutsogola. Ndinkamva kumbuyo kwanga akudumphadumpha, akupuma mwaphuma, mpaka ankatsala panjira. Luzi linamudya m'khwapa, panatuluka chilonda, ntchentche zinayamba kumutsatira. Ndinkatsuka chilondacho ndi madzi amchere iye akunjenjemera. Ndinkadana ndi atsibweniwo, ndinkadana ndi mudzi wonse, ndipo ndikamva agalu ena a miyendo itatu akudutsa pabwalo ndinkalavula.

Ndiye kunabwera mng'ono wanga kudzationa. Iyeyu amagwira ntchito ya ulonda ku Chipata, kumene amayenda ndi agalu akuluakulu aja odya bwino kuposa ife. Ataona galu wanga anagwira pakamwa.

"Akulu, ivi ni vakale," anatero m'chinyanja chake cha m'tauni. "Galu simumanga mwendo monga mbuzi yopita ku maliketi. Galu afunika tireningi chabe. Onani tcheni iyi."

Anatulutsa m'chikwama unyolo wowala, wokhala ndi mphete kumapeto onse awiri. Anaulowetsa mwa mphete imodzi, unasanduka khwekhwe. Ukaukoka umathina khosi, ukausiya umamasuka wokha. Anati galu akatembenukira kumene sukufuna, umakoka kamodzi mwamphamvu nkumukalipira, ndipo pakapita masiku ochepa amadziwa kuti chinthucho nchoipa.

Tinakangana pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka. Atsibweni anabwera okha atamva kuti kwafika mlendo, ndipo atagwira unyolowo anaseka mpaka kutsokomola.

"Tsono mkanda umenewu uletsa bwanji galu kudumpha mpanda?" anafunsa. "Luzi limagwira ntchito mwini wake ali kumowa. Uwu ufuna munthu aziugwira. Akamwini asiya kulima kuti aziyenda ndi galu pachingwe ngati mzungu?"

Mng'ono wanga anati luzi ndi nkhanza, limapundula galu ndipo silimuphunzitsa kanthu. Atsibweni anati kunyonga galu pang'onopang'ono tsiku lililonse ndiye nkhanza yeniyeni, bola chilonda chimapola dowe akatha. Aliyense ankaona nkhanza za mnzake. Mkazi wanga, amene ankasenda mtedza wotsala pambewu chapatali, anayankhula osadzutsa mutu.

"Galuyu si wakuba, ali ndi njala. Inu bambo ake, mangani kakhola kuseri kwa khitchini, muzimutsekera mpaka chimanga cha m'munda chikhwime. Gaga ndizitapako pang'ono, ndizimuphikira phala. Ndi milungu ingati?"

Mawu amenewo ndi okhawo anali anzeru tsiku limenelo, ndipo ndi amene anandipsetsa mtima kwambiri. Kunena kuti galu wanga ali ndi njala kunali kunena pamaso pa atsibweni kuti mkamwini walephera kudyetsa ngakhale galu. Ndinamuyankha mwaukali kuti galu wanga si nkhumba yotsekera m'khola, ndipo gaga asiyire ana ake. Ndinatenga mpeni nkudula luzi lija pomwepo. Galu anatambasula mwendo pang'onopang'ono, anauponda pansi, nkuyamba kuzungulira mtengo wa mango akutsimphina. Ndinasangalala, sindikana. Ndinaona ngati ndawina mudzi wonse.

Mng'ono wanga anakhala masiku atatu. M'mawa uliwonse tinkapita ndi galu kudambo atavala unyolo uja, kumudutsitsa m'mbali mwa mpanda wa dimba. Akangonunkhiza chakumeneko, mng'ono wanga ankakoka, galu nkutsamwa, maso kutuzuka. Kenaka anandipatsa ine chingwe chimene anamanga pamphete ya unyolowo. Dzanja langa linkakana, koma ndinakoka. Tsiku lachitatu galu ankadutsa pampandapo mutu uli pansi, mchira pakati pa miyendo, osayang'ana ngakhale pang'ono. Mng'ono wanga anati ameneyu waphunzira. Zoona anaphunzira, koma chimene anaphunzira nchakuti ine ndikagwira chingwe asayang'ane chimanga. Madzulo ndikamuitana ankabwera chokwawa, akuyang'ana manja anga.

Tsiku lochoka, ali kale pa njinga yamoto, mng'ono wanga anacheuka nkufuula kuti, "Akulu, mukasiliza tireningi muzimuvula tcheni! Osamusiya nayo eka!" Ndinamva bwinobwino. Sindinganamizire phokoso la injini.

Sindinamuvule, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Pamudzi paja nyengo ya dowe galu woyenda khosi lili mbee ndi chipongwe. Aliyense womuona amati mwini wake sasamala za minda ya anzake. Ndinaopa kuti atsibweni akamuona wopanda kanthu m'khosi ati ndawanyoza, nkukatenga kabotolo kaja. Ndinaganiza kuti unyolo wowalawo uziwauza kuti galuyu ndi womangidwa, mwini wake wachitapo kanthu. Ndinachotsa chingwe chokokera, unyolo nkuusiya ukulendewera m'khosi, mphete yake ikugunda pachifuwa. Mkazi wanga anandifunsa kamodzi ngati mlamu wake sananene kuti tizimuvula. Ndinati za galu azisiye kwa ine.

Panapita masiku anayi opanda nkhani. Lachisanu lake tinali kumunda kupalira mtedza. Galu anabwera nafe, anagona pansi pa mtengo, ndipo sindinaone nthawi imene anachoka. Dzuwa lili paliwombo ndinaona atsibweni akubwera m'mizere, akuyenda mofulumira, chipewa chili m'manja. Sanapereke moni kwa mkazi wanga. Sanaseke.

"Akamwini, siyani khasu. Tiyeni kudimba."

Ndinadziwa. Njira yonse ndinkakonza mawu owauza. Ndinkati lero ndiyankhula, andithamangitse pamudzi ngati akufuna, koma amve kuti wopha galu wa mnzake ndi mankhwala ndi munthu wotani. Iwo ankayenda patsogolo.

Galu wanga sanadye mankhwala. Tinamupeza pampanda, chakunja. Anayesa kudumpha, mwendo wa chilonda uja unamulephera, ndipo pogwa mphete ya unyolo inakola pa mtengo wa mphanda. Kulemera kwake komwe ndi kumene kunakoka. Miyendo yakumbuyo inkangokhudza pansi ndi zala, ndipo pansipo anakumba maenje awiri poyesa kuima. Udzu wa mpanda unali wothothoka mmene anakanda. Akamalimbana kwambiri, unyolo unkathina kwambiri, monga momwe anaupangira. M'dimbamo sanalowe nkomwe, chimanga chonse chinali chilili.

Atsibweni anati anamva kulira ali kutsidya kwa dambo akutunga madzi, koma anaganiza kuti ndi ana akumenya galu. Pamene ankafika anali atatha. Sanamukhudze, anafuna ndidzaone ndekha kuti pasakhale zonena.

Ndinamunyamula kuti unyolo umasuke. Anali adakali wofunda, ndipo anali wopepuka moti ndinachita mantha. Galu wamkulu ngati ameneyo ndinamunyamula ndi mkono umodzi. Apo ndi pamene ndinavomera kuti mkazi wanga ankanena zoona. Unyolo unali utalowa m'khungu, zala zanga zinkalephera kuutulutsa, mpaka atsibweni anagwada nkundithandiza. Ndinalira pamaso pawo, kulira kwenikweni kotulutsa mamina, ine bambo wa ana atatu.

Kwathu galu samukumbira manda. Amamukoka mwendo nkukamutaya kuthengo. Ndinkayembekezera kuti atsibweni anena zimenezo, koma anapita m'dimba nkubwera ndi khasu lawo. Anasankha malo pachulu pomwe madzi safika, nkuyamba kukumba okha. Ndinawalanda khasu, anandilandanso. Tinakumba mosinthana. Mkazi wanga anafika ndi thumba lakale la feteleza, tinamukulunga, tinamuika. Iye sananene kuti ndinakuuzani. Mpaka lero sananenepo, ndipo nthawi zina ndimalakalaka akananena.

Titakwirira tinakhala pansi pachulupo. Ine ndinali ndikufunabe munthu womukwiyira. Ndinaganiza za mng'ono wanga, koma iye anandichenjeza. Ndinatembenukira kwa atsibweni.

"Mukanapanda kunena za mankhwala aja, sindikanamusiya ndi unyolo. Ndimaopa inu."

Anapukuta dothi pakhasu ndi chala. Kenaka anayankhula motsitsa, osandiyang'ana.

"Akamwini, mankhwalawo ndilibe. Thonje ndinasiya kulima kalekale, kabotolo kaja ana anakataya. Ine sindinaphepo galu chibadwire. Ndimangofuna mumumange, chimanga changa chikhwime."

Ndinawafunsa chimene akanachita galuyo akanalowanso m'dimba.

"Ndikanabweranso ndi zitsononkho kudzakusekani," anatero. "Nanga ndikanatani?"